Uvuni wa Njerwa ndi Makilomita 42 a ku London

Pafupifupi chaka chilichonse, Lamulungu lina chakumapeto kwa Epulo, misewu ikuluikulu ya mumzinda wa London imatsekedwa kuti anthu, amene masiku ano amaposa 50,000, athamange mpikisano wa London Marathon, makilomita 42.195 kuchokera ku Blackheath ndi Greenwich mpaka pamsewu wa The Mall, pamaso pa nyumba yachifumu ya Buckingham. Makamera amatsata Akenya ndi Aitiyopiya a kutsogolo, anthu onga Eliud Kipchoge amene anapambana mpikisanowu kanayi, kapena malemu Kelvin Kiptum amene mu 2023 anaumaliza m'maola 2, mphindi 1 ndi masekondi 25. Koma akatswiri oterewa akhoza kukwanira m'basi imodzi. Chinamtindi chenicheni chimabwera m'mbuyo mwawo, patapita maola anayi, asanu, ena mpaka asanu ndi awiri: anamwino, aphunzitsi, madalaivala, agogo, ambiri a iwo n'koyamba kuthamanga mtunda wotere chibadwire. Pachifuwa pawo pamakhala dzina la bungwe limene akulithamangira, kaya lolimbana ndi khansa, losamalira odwala matenda osachiritsika, kapena loteteza zipembere. Mu 2024 anthuwa anasonkhetsa mapaundi 73.5 miliyoni, ndipo chiyambire mu 1981 ndalama zonse zinapitirira kale mapaundi 1 biliyoni.

Kupeza malo si masewera. Njira yoyamba ndi mayere. Ofuna kuthamanga mu 2025 analembetsa oposa 840,000, a 2026 anaposa 1.1 miliyoni, ndipo ambiri amangolandira uthenga wopepesa. Njira yachiwiri ndi ya mabungwe. Kuyambira mu 1993 okonza mpikisanowu amagulitsa malo ena kwa mabungwe othandiza anthu, bungwe n'kupereka malowo kwa munthu amene walonjeza kulisonkhetsera ndalama, kawirikawiri mapaundi 2,000 kapena kuposerapo. Ndawala yosonkhetsera malata a tchalitchi timaidziwa tonse, koma uku mtengo umanenedweratu ndipo munthu amasayina. Wina amene chibadwire amangothamangira minibasi amagona tsiku limenelo ali ndi ngongole ziwiri, ya ndalama ndi ya miyendo.

Ndondomeko zambiri zokonzekera zimakhala za masabata 16. Mukawerenga chobwerera kuchokera kumapeto kwa Epulo mufika sabata yoyamba ya Januwale, nthawi imene ku London dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko n'kulowa 4 koloko itangodutsa kumene. Masabata omwewo ndiwo nyengo ya mphoto za mafilimu: Golden Globe mu Januwale, BAFTA mu Febuluwale ku London komweko, Oscar mu Malichi ku Los Angeles. Ndi masabata omwewonso pamene wina ali ndi ulendo wa kuntchito, wina ukwati wa mchemwali wake ku Lilongwe, wina ali kalikiliki ndi viza ndi tikiti ya ndege yopitira ku mpikisano weniweniwo. Zonsezi zimalimbirana kalendala imodzi. Abwana amamva kupepesa, akuchikazi amamva kupepesa, bungwe nalo likhoza kudikira pang'ono. Thupi lokha ndilo silimva.

Mafilimu ndiwo anatisokoneza pankhani imeneyi. Rocky, imene inatenga Oscar ya filimu yopambana zonse mu 1977, inasiya chizolowezi chimene opanga mafilimu akuchitsatirabe. Munthu adzuka mbandakucha, nyimbo iyamba, timuona akudutsa mumsika ali paliwiro, kenako akukwera masitepe a nyumba ya zaluso ku Philadelphia, manja m'mwamba, ndipo pomwe nyimbo ikutha wasanduka chiphona. Ntchito ya masabata ambiri yapanikizidwa m'mphindi zitatu. Sitingawaimbe mlandu: ndani angagule tikiti kukaonera munthu atakhala pampando Lachinayi madzulo chifukwa bondo lamuchenjeza?

Tisiye Hollywood, tipite kudambo kumene anthu akuumba njerwa. A boma akulimbikitsa mabuloko a simenti pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo akunena zoona, koma uvuni ndi umene ambirife tinakula tikuuona. Dothi limakumbidwa, kuthiridwa madzi, kupondedwa, kenako kutsenderedwa m'chikombole. Njerwa ikatuluka m'chikombole imaoneka ngati yatha kale, ngodya zake zili bwinobwino, koma kuidinda ndi chala, chalacho chimalowa. Iyenera kuyalidwa pabwalo, kufunditsidwa udzu kuti dzuwa lisaiumitse kunja kokha, kutembenuzidwa, n'kusiyidwa. Woumba waphuma, amene waona mitambo ya Okutobala n'kusanja uvuni njerwa zikadali ndi chinyezi m'kati, amadzaona tsiku lophwasula: zina zang'ambika pakati, zina zangotsala zibenthu.

Thupi la munthu woyamba kuthamanga limanyenga chimodzimodzi. Mtima ndi mapapo sizichedwa kuzolowera. Pakangotha mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka, munthu amene ankachita wefuwefu pa kilomita imodzi amatha zisanu ndi zitatu akuseka, n'kuyamba kudziona katswiri. Koma mitsempha yolimba ija yolumikiza minofu ku mafupa, monga wa kuchidendene ndi wa pabondo, imalandira magazi ochepa ndipo imatenga miyezi kuti ikhwime. Mafupa nawo ali ndi njira yawoyawo: akamapanikizidwa, thupi limayamba lagumula pang'ono fupa lakale kenako n'kumangapo latsopano, moti pamakhala masabata ena pamene fupa lili lofooka kuposa mmene linalili poyamba. Kunja kwauma, m'kati mudakali matope. Ndipo chimene woyamba samvetsa n'chakuti kuthamanga ndi kuumba chabe. Kuuma kumachitika tsiku limene sanathamange, makamaka ali m'tulo.

N'chifukwa chake ndondomeko yabwino ya woyamba imagwetsa ulesi poiwerenga. Kuthamanga katatu kapena kanayi pa sabata, basi. Maulendo ambiri amakhala a liwiro lofatsa, loti munthu n'kumacheza ndi mnzake osabanika. Amene akulephera kumaliza chiganizo ndiye kuti wapitiriza muyeso. Kamodzi pa sabata pamakhala ulendo wautali, woyambira pa makilomita 8 kapena 10 n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka 30 kapena 32. Aphunzitsi ambiri a masewerawa amalangiza kuti makilomita a sabata ino asapose a sabata yatha ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Si lamulo limene asayansi onse anagwirizanapo, koma limagwira dzanja munthu waphuma. Sabata yachitatu kapena yachinayi iliyonse makilomita amatsitsidwa dala. Woyamba amaiona sabata imeneyi ngati yotaya nthawi, chonsecho ndiyo sabata imene njerwa zili pansi pa udzu. Ndipo makilomita 42 onse sawathamanga pokonzekera, chifukwa kuchira kwake kungadye masabata amene akanagwiritsa ntchito.

Filimu imodzi inayesako kunena zoona. Brittany Runs a Marathon inapata mphoto ya oonerera pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu 2019, chaka chomwe filimu yosimba za William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, inalandiranso mphoto komweko. Imasimba za mtsikana wa ku New York amene anayamba ndi kamtunda kochoka pakhomo kukafika pamphambano. Zitayamba kumuyendera anapitiriza muyeso, fupa la mwendo n'kuchita mng'alu kutatsala masabata ochepa, mpikisano wa chaka chimenecho n'kumudutsa. Mng'alu wotere umakonda pamsongolo ndi m'mafupa a phazi, ndipo subwera ndi kugwa kapena kupunthwa. Umayamba ngati kaululu ka pamalo amodzi, koti munthu n'kuloza ndi chala, kamene kamakula akamathamanga m'malo mozilala. Dokotala akautsimikiza, ndi masabata 6 kapena 8 osathamanga, mwinanso kuposa. Mu Malichi, amenewo ndi masabata onse otsala.

Tsono usiku wa Oscar. Mwambowu umachitika Lamulungu madzulo ku Dolby Theatre. Mu 2025 unali pa 2 Malichi, ndipo unayamba 4 koloko madzulo nthawi ya ku Los Angeles, imene ili 12 koloko usiku ku London ndi 2 koloko mbandakucha ku Blantyre, n'kutenga maola oposa atatu ndi theka. Chaka chimenecho mpikisano wa ku London unali pa 27 Epulo, masabata 8 kutsogolo, kutanthauza kuti wokonda mafilimu anali atathamanga makilomita oposa 20 m'mawa wa tsiku lomwelo, miyendo ikupempha tulo. Ine ndimati aonere ndithu. Usiku umodzi suphwanya uvuni, bola ulendo wautali usunthidwire Loweruka ndipo Lolemba likhale lopuma. Chimene chimadya munthu ndi mwezi wonse wa Febuluwale pamene akulimbana ndi kuona mafilimu khumi onse opikisana pa mphoto yaikulu mwambo usanafike, akutuluka m'nyumba ya kanema pakati pa usiku, alamu ili pa 5 koloko. Mafilimu ake atalikanso masiku ano. Oppenheimer, yopambana mu 2024, ndi ya maola atatu. The Brutalist, imene inapikisana nawo mu 2025, ndi ya maola atatu ndi theka, nthawi yoti Kiptum akanamaliza mpikisano, kusamba, n'kudya nkhomaliro. BAFTA ilibe vuto, imaonetsedwa pa BBC madzulo n'kutha anthu asanagone.

Mpikisanowu ndi mafilimu a othamanga zinakulira limodzi ku Britain. London Marathon yoyamba inachitika pa 29 Malichi 1981, itakonzedwa ndi Chris Brasher ndi John Disley, onse awiri akatswiri akale a Olimpiki. Brasher anali atathamanga ku New York mu 1979 n'kubwerako atatengeka mtima. Anamaliza anthu 6,255, ndipo awiri a kutsogolo, Dick Beardsley wa ku America ndi Inge Simonsen wa ku Norway, anadutsa mzere atagwirana manja. Patatha chaka chathunthu, pa 29 Malichi 1982, Chariots of Fire inatenga ma Oscar anayi, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse ndi ya nyimbo za Vangelis. Othamanga ake sanali a mtunda wautali: pa Olimpiki ya ku Paris mu 1924 Harold Abrahams anapambana mamita 100, Eric Liddell mamita 400. Koma vuto la Liddell, Mkhristu wa ku Scotland amene anakana mamita 100 chifukwa ndime yoyamba ya mpikisanowo inagwera Lamulungu, ndi limene woimba kwaya kapena mkulu wa mpingo amakumana nalo lero, poti ndondomeko zambiri zimaika ulendo wautali Lamulungu m'mawa. Mwamwayi thupi silidziwa dzina la tsiku. Wa Chikatolika kapena wa CCAP athamange Loweruka, wa Sabata athamange Lamulungu, bola pakati pa maulendo awiri aatali padutse masiku 6 kapena 7. Tsiku la mpikisano lokha ndilo silisuntha, ndipo zimenezo munthu akambirane ndi chikumbumtima chake asanasayine.

Ulendo wodziwika kale suvuta. Uikidwe pa sabata yotsitsa makilomita, nsapato zilowe m'chikwama, mphindi 30 kapena 40 m'mawa kawiri katatu, kwatha. Mmalawi wokhala ku Leeds kapena Glasgow amene akubwera kumudzi mu Januwale kapena Febuluwale amachoka m'chisanu n'kugwera m'dzinja: kutentha, chinyezi, misewu yoterera, agalu a eni. Liwiro limatsika lokha, ndipo sikuti wabwerera m'mbuyo. Choopsa chenicheni ndi udzudzu. Chitetezo ku malungo chimene munthu anakula nacho chimazilala akakhala zaka kunja, ndipo malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, omwe ndi amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Mankhwala oteteza ndi neti ndi mbali ya ndondomeko, ngakhale achibale aseke kuti wasanduka mzungu. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu, sathamanga mpaka litazizira ndithu, chifukwa pamenepo mtima ukhoza kuvulala.

Koma maliro sapangana ndi kalendala, mwana sadwala atafunsa kaye, ndipo sabata ina idzangopita osaponda panja. Apa ndi pamene ambiri amaswera njerwa zawo. Munthu wabwerako, waona mizere inayi yosachonga pa ndondomeko yake, mtima wayamba kumuweruza, ndiye aganiza zobweza: makilomita a sabata yatha kuphatikiza a sabata ino. Woumba amene mvula yamulepheretsa masiku atatu akhoza kuumba zowirikiza tsiku lachinayi, inde, koma sangauze dzuwa kuti liumitse mowirikiza. Sabata imodzi yophonya sichotsa mphamvu zoti n'kudandaula nazo. Angopitiriza pamene anasiyira, zotsalazo aziiwale. Masabata awiri, abwerere m'mbuyo pang'ono n'kukweranso. Mwezi wathunthu mu Malichi ndi nkhani ina, yofunika kuimbira foni okonza mpikisano kapena bungwe. Amene analowa pa mayere amaloledwa kusunga malo ake mpaka chaka chotsatira, pamene wa malo a bungwe zimadalira bungwelo.

Ngongole inayo, ya ndalama, sidikira kuti miyendo ichire. Munthu amatsegula tsamba losonkhetsera pa JustGiving kapena Enthuse, achibale ndi anzake apamtima n'kuponyapo msanga, mtima n'kukhala m'malo. Kenako zii. Wopereka amene amakhoma msonkho ku Britain akhoza kuwonjezera Gift Aid, imene imapatsa bungwe mapeni 25 pa paundi iliyonse kuchokera ku boma, koma mabungwe ambiri saiwerengera pa lonjezo lija. Azakhali a ku Zomba amene atumiza makwacha alibe Gift Aid, ndipo makwachawo akasinthidwa kukhala mapaundi amafota mochititsa chisoni. Ndiye pamafunika ntchito ya manja: kugulitsa makeke kuntchito, kukonza usiku wa mafunso, kuphikira anthu nsima ndi nsomba muholo ya tchalitchi pakhomo pali mbale. Apa nyengo ya mphoto imathandizako, poti anzake a kuntchito akhoza kuponya mapaundi angapo aliyense polosera amene atenge Oscar, wopambana n'kulandira kamphatso, zotsalazo n'kupita ku bungwe. Ntchito yotereyi imafuna kuimirira maola ambiri ndi kugona mochedwa, ndiye wanzeru amaigwira mu Novembala ndi Disembala, makilomita asanakule. Wa mayere yekha ndiye mfumu: alibe mtengo woikiridwa, ndipo akhoza kusankha bungwe lililonse, kuphatikizapo ogwira ntchito kwathu monga Mary's Meals, limene linayamba kuphikira ana phala m'sukulu za ku Malawi mu 2002.

Pali china chimene anthu sakonda kuwerengera. Wochokera ku Lilongwe kapena Lusaka akaphatikiza tikiti ya ndege, viza, hotela ndi chakudya cha ku London, akhoza kupeza kuti zafanana ndi ndalama zimene akusonkhetsazo, mwinanso zaposa. Palibe tchimo pamenepo. Munthu ali ndi ufulu wofuna kuona Tower Bridge ali paliwiro. Koma ulendowo utuluke m'thumba mwake, tambala ya wopereka ipite yonse kumene anauzidwa, ndipo asadzinamize kuti imeneyi ndiyo njira yotsika mtengo yothandizira amasiye. Wongofuna thukuta ndi chifukwa chopemphera ndalama, mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje uli pafupi.

Ulendo wautali koposa umachitika kutatsala masabata atatu. Kuchokera pamenepo makilomita amatsika, sabata yoyamba pang'ono, yachiwiri pafupifupi ndi theka, yomaliza timaulendo tongokumbutsa miyendo ntchito yake. Njerwa youmbidwa dzulo silowa mu uvuni wa mawa: chilichonse cholemera chimene munthu angachite m'masiku khumi omaliza sichikhala ndi nthawi youma, chimangomutopetsa. Masiku amenewa mutu umasokonezeka. Wina amamva ululu pamene palibe, wina amadziona wanenepa, wina amalakalaka makilomita 30 enanso kuti angotsimikiza. Ino ndiyo nthawi yoonera mafilimu onse aja amene anapata mphoto, masana, miyendo ili pampando.

Za ulendo wopita ku mpikisano zimayamba kale kwambiri. Mmalawi amafunika viza yolowera ku Britain. Ya mlendo wamba imalola kuchita nawo masewera osalipidwa, imapemphedwa kuyambira miyezi itatu ulendo usanachitike, ndipo yankho limatenga pafupifupi masabata atatu. Kupempha kumapeto kwa Januwale n'kwabwino kuposa kugona ndi nkhawa mu Epulo. Ndege yopita ku London mwachindunji kuchokera ku Malawi kulibe, munthu amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, n'kukhala usiku wonse mawondo atapindika, mapazi akutupa. Afike Lachitatu kapena Lachinayi. Nambala ya pachifuwa amakatenga yekha ku ExCeL, kum'mawa kwa mzindawu, atanyamula chiphaso, ndipo pofika Loweruka madzulo amatseka. Nsapato zothamangira, zomwe zija wakhala akuvala mwezi wonse, zikwere naye limodzi m'chikwama cha m'manja, chifukwa sutikesi ikhoza kutsalira pabwalo la ndege lina ndipo nsapato yatsopano pa makilomita 42 ndi matuza okhaokha. Nthawi sivuta, mu Epulo London imatsalira ndi ola limodzi lokha. Nyengo ndiyo yosadziwika: mu 2018 kunatentha mpaka madigiri 24.1, anthu amene anakonzekera m'chipale chofewa n'kuvutika koopsa, pamene wa ku Chikwawa akanati kunja kuli bwino. Iyeyo chimene chingamuzunze ndi ola lodikira pa udzu wa Blackheath m'mawa mphepo ikuomba, ndiye avale juzi yakale yoti aitaye poyambira. Zovala zoterezi zimatoledwa n'kupita kwa osowa. Ndipo Loweruka lisakhale loyendayenda m'masitolo a Oxford Street.

Wootcha uvuni wodziwa ntchito sayamba ndi moto waukulu. Amasonkha pang'ono m'makomo, utsi woyera n'kumafuka, chinyezi chotsala chikuchoka. Moto wamphamvu umabwera pambuyo, ndipo luso lonse lagona pa kuyeza nkhuni kuti zifike usiku womaliza. Zikathera panjira, palibenso chochita, njerwa za pamwamba ndi za m'mbali zimatsala zidina.

Nkhuni za wothamanga zili mitundu iwiri. Pali glycogen, shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi, pafupifupi magalamu 500, amene ndi ma calorie 2,000 kapena kucheperako. Izi ndi nkhuni zouma, zoyaka msanga. Ndiye pali mafuta a m'thupi, amene ngakhale munthu woonda ali nawo ochuluka zedi, koma ndi zipika zikuluzikulu zonyeka mwaulesi, zosatha kupereka moto wa liwiro. Munthu wolemera makilogalamu 70 amatentha ma calorie pafupifupi 70 pa kilomita iliyonse, pafupifupi 2,900 pa mpikisano wonse. Masamuwo akusonyezeratu kuti zouma pazokha sizikwana. Liwiro likakwera thupi limatapa kwambiri zoumazo, likafatsa limasakaniza ndi zipika. Maulendo aatali ofatsa aja a mu Febuluwale ndi Malichi, amene ankaoneka ngati kuyenda wamba, ntchito yawo ina inali imeneyi, kuphunzitsa thupi kuyatsa mafuta.

Msewu wa London umakopa munthu kuti awononge nkhuni. Miyendo yapuma masabata atatu ndipo ikumva kupepuka. Cha pa kilomita yachisanu, polowera ku Woolwich, msewu umatsetsereka. Pa kilomita ya 10 pali khamu lozungulira sitima yakale ya Cutty Sark, pa 20 pali Tower Bridge, phokoso lake loti munthu samva kupuma kwake, anthu osamudziwa akufuula dzina limene walemba pamalaya. Amene wathamanga theka loyambali mofulumirako pang'ono chabe amakalipira pakati pa nyumba zazitali za Canary Wharf, cha pa kilomita ya 30. Othamanga amati wagunda khoma. Miyendo imalemera, mutu umachita chizungulire, masamu ophweka amakanika, munthu wamkulu n'kuyamba kulira popanda womumenya. Kupewa kwake n'kuyamba mofatsa mpaka kuchita manyazi, n'kumasonkhezera moto usanazime: magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola lililonse kuyambira ola loyamba, kaya ndi timapaketi ta gel, nthochi kapena maswiti, zimene m'mimba munazolowera kale pokonzekera. Masiku awiri kapena atatu mpikisano usanachitike mbale idzaze mpunga, nsima, mbatata kapena buledi, koma nyemba ndi kabichi zidikire Lolemba. Madzi amwedwe potsata ludzu. Kumwa mopitiriza kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo mu 2007 mnyamata wazaka 22 anamwalira ndi vuto limeneli atamaliza kale mpikisanowu.

Makilomita awiri omaliza ali ndi eni ake. Pa Olimpiki yoyamba ya makono, mu 1896, mtundawu unali pafupifupi makilomita 40. Mu 1908, ku London komweko, okonza anauyambitsira ku Windsor Castle n'kuuthera m'bwalo la White City, patsogolo pa malo okhala a banja lachifumu, ndipo unatuluka makilomita 42.195, muyeso umene unakhazikitsidwa mu 1921. M'bwalo limenelo Dorando Pietri wa ku Italy, amene anali patsogolo, anagwa kangapo, akuluakulu a mpikisano n'kumudzutsa, ndipo chifukwa cha thandizo limenelo mendulo inapita kwa Johnny Hayes wa ku America. Lero makilomita owonjezerawo amagwera kumapeto kwa Embankment, kukhota pa Big Ben, kudutsa Birdcage Walk, n'kutulukira pa The Mall.

Uvuni ukapsa saphwasula tsiku lomwelo. Umasiyidwa masiku angapo uli chimatire kuti uzizire wokha. Ntchafu zimawawa kwambiri tsiku lachiwiri kuposa loyamba, ndipo Lolemba ndi Lachiwiri m'masiteshoni a sitima za pansi panthaka mumaoneka anthu akutsika masitepe chafutambuyo atagwirira chitsulo. Zikhadabo zina za kuphazi zimada n'kudzagwa patapita masabata. Ndege yobwerera isakhale ya usiku womwewo, ndipo ikanyamuka munthu azidzuka kuyendayenda m'kanjira ka pakati. Sabata imodzi kapena awiri asathamange, ayende, asambire ngati pali posambira. Bungwe limapereka masabata angapo pambuyo pa mpikisano kuti ndalama zotsala zikwane, ndipo tsamba lija limakhala likadali lotsegula. Lolemba m'mawa, chithunzi cha mendulo chipite kwa onse amene anapereka, pamodzi ndi mawu othokoza, komanso kwa aja amene mu Januwale anati "ndikuonani kumapeto kwa mwezi" n'kukhala chete mpaka lero.